Shawelo Yofiira ya aRoza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chipewa cha mwana. Ndinali nditalemba mayeso a Sitandade 8 kawiri osasankhidwa, ndiye ndinkangokhala pakhomo kwa Maganga, kupala chinangwa ndi kulera mwana wa achemwali anga. Lamulungu lina ndinapita naye kutchalitchi atavala kachipewa kamene ndinamulukira ndi sipoko ya njinga, yomwe alamu anga anaipala nsonga n'kukhala ngowe. Potuluka, mayi wina wamtali wovala mandala anandiimitsa. Anamuvula mwanayo chipewa osapempha n'kuchitembenuza kuti aone mkati.

"Waluka ndiwe?"

"Eya, mayi."

"Ukukoka ulusi ngati ukumanga mbuzi. Koma mizere yako ndi yowongoka. Ubwere Lolemba kuseri kwa tchalitchi, usambe m'manja."

Amenewo anali Mayi Nachisale, mphunzitsi wopuma wa ku Ntcheu amene anakhazikika kunyanja kuno. Ankayang'anira amayi oluka m'kachipinda kamene kale ankasungiramo mabenchi othyoka. Ntchito zinali ziwiri. Tinkaluka tidoilo, tinsalu toyala patebulo, ta ulusi woyera togulitsa kwa alendo obwera kudzaona nyanja, ndipo n'timene tinkatidyetsa. Ina inali ya mabulangete. Zinali zaka za m'ma 80, nkhondo ya ku Mozambiki itafika poipa, anthu akuwoloka malire n'kudzaza m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, komwe chisanu cha Juni chimalowa mpaka m'mafupa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse kunkabwera lole kudzatenga zimene taluka kupita nazo kumisasa ya othawa nkhondo.

Mayi Nachisale sankakonda nkhani pa ntchito, koma tsiku lina anatiuza mmene anaphunzirira. Ali mtsikana pasukulu ya mishoni, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anapatsidwa ulusi wa kaki kuti aziluka zipewa ndi mipango ya m'khosi ya asilikali akuda amene ankapita kutsidya kwa nyanja yamchere. Malume awo anali mmodzi mwa asilikaliwo, ndipo sanabwerere. "Ndinayamba kuluka ndi nkhondo," anatero, "ndiye zikuoneka kuti ndidzamaliza ndi nkhondo. Tiyeni, manja asaime."

Ulusi watsopano wa mabulangete kunalibe. Tinkalandira belo la majuzi akale, ena obooka m'zigongono, ena odyedwa ndi njenjete. Mlungu wanga woyamba sindinagwire n'komwe singano. Ndinkadula misoko ndi lezala, kupeza nsonga ya ulusi, n'kumasula juzi yonse uku ndikukulunga pa nsana wa mpando. Ulusi womasulidwa umakhala wopotanapotana ngati tsitsi lochoka m'mangongo, ndiye umayenera kuchapidwa m'madzi ofunda, kuyanikidwa pachingwe utamangiriridwa kamwala kunsi kuti uwongoke, kenako n'kukulungidwa timipira. Lamulo la Mayi Nachisale linali lakuti ulusi wosachapa usakhudze singano. Nditakhoza zimenezi anandipatsa singano yangowe yachitsulo, yeniyeni, n'kundiphunzitsa chigamba cha ngodya zinayi: tcheni cha maso asanu ndi limodzi, kutseka bwalo, kenako timagulu ta misoko itatuitatu mpaka chigamba chikule ngati chikhatho chotambasula. Zigambazo tinkazilumikiza n'kuzungulira bulangete lonse ndi mkombero wa mtundu umodzi.

Ndili ndi miyezi inayi pantchito, kunabwera aRoza. Anali mayi wochepa thupi, wondiposa zaka mwina khumi, wochokera kuseri kwa malire cha ku Dedza. Anatsatira m'bale wa amuna awo, msodzi wa ku Lifuwu, ali ndi mwana wamkazi kumbuyo, dzina lake Lusiya. Za amuna awowo sitinafunse. Chichewa ankayankhula ngati ife, kungoti nthawi zina ankaponyamo mawu a Chipwitikizi. Ankaluka osayang'ana manja, ndipo zigamba zawo zinkatuluka zofanana ngati zadindidwa. Ndisabise, zinkandiwawa Mayi Nachisale akanyamula chigamba cha aRoza n'kunena kuti, "Esinati, taona m'ngodya umu."

Lusiya ankafunda shawelo yofiira ngati phwetekere wakupsa, yakale, yong'ambika mbali imodzi. Malukidwe ake sindinawaonepo kwina: timafani, tooneka ngati tizigoba ta nkhono, topiringizana, pakati pake timaso tating'ono ngati ta ukonde wa usipa. Tsiku lina ndinaigwira n'kufunsa kuti anaigula kuti.

"Analuka ndi amayi anga, ine ndili ndi pakati," anayankha aRoza. "Pothawa ndinangonyamula mwana ndi chimene anafunda."

Sananene zambiri, nanenso sindinafunse. Koma mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ndikunena izi chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti sindinkadziwa.

Tsiku lake linali Lachisanu, lole ikubwera masana. Ndinali nditapatsidwa bulangete langa loyamba loti ndimalize ndekha, ndipo ndinasankha mkombero wofiira chifukwa ndinkafuna lioneke pakati pa ena onse. Ndinazungulira mbali zitatu, ulusi wofiira n'kutha. Ndinakutumula dengu lonse. Munali wobiriwira, wotuwa, wakuda, wofiira ayi. Ndikanatha kumasula mbali zitatuzo n'kuyambanso ndi wotuwa, koma nthawi sikanalola, ndipo ndinkaopa kumva dzina langa likutchulidwa pamaso pa amayi onse.

M'mawa umenewo Lusiya anasanza ali kumbuyo, thupi likutentha. ARoza anachapa shawelo ija, n'kuiyanika pachingwe chomwe tinkayanikapo majuzi, n'kuthamangira naye kuchipatala atamukulunga chitenje. Mayi Nachisale anali atapita kumsewu kukadikira lole. Amayi ena anali mkati, mitu ili pansi, aliyense ndi changu chake.

Ndinatuluka ngati ndikupita kukamwa madzi. Mwera unali utaiumitsa kale shawelo ija. Ndinaima pamenepo ndikudziuza kuti n'chinthu chong'ambika, kuti ndingotengako mizere iwiri ya m'mphepete, palibe angazindikire. Ndinakhala kuseri kwa khoma, n'kupeza mfundo yomaliza, n'kuidula ndi lezala.

Amene sanalukepo sadziwa mmene choluka ndi ngowe chimamasukira msanga. Ukangokoka, maso amathawa okha, mzere wonse phwa. Mizere iwiri sinakwane. Ndinakoka wachitatu, wachinayi. Nditafika pong'ambika paja ulusi unayamba kuduka tizidutswa, ndiye ndinapitirira kufuna wautali. Pamene ndinkaima, m'manja mwanga munatsala kachigamba kosakwana kuphimba mutu wa mwana. Ndinakakankhira kachigambako pansi pa majuzi m'dengu, n'kulowa kukamaliza mkombero wanga ndi ulusi wosachapa.

Mayi Nachisale atabwera ndi lole anayamba kuona mabulangete limodzilimodzi monga mwa nthawi zonse. Atafika pa langa anayendetsa chala m'mphepete, n'kuima pa mbali yachinayi. Inali yokwinyika, ndipo kufiira kwake kunali kosiyana ndi kwa mbali zinazo.

"Ulusi uwu sunachapidwe. Wautenga kuti?"

"M'dengu, mayi."

"Dengu liti? Ndinasankha ndekha belo lonse, munalibe juzi ya mtundu uwu."

Nthawi yomweyo aRoza analowa, Lusiya ali kumbuyo akugona, n'kufunsa ngati wina waanula shawelo chifukwa mwana akunjenjemera. Anaona kumene aliyense ankayang'ana, n'kuyandikira tebulo. Anagwira mkombero uja, n'kuununkhiza. Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene ankakhala pafupi nane, ananong'ona kuti, "Astaghafirullah, mwana iwe."

Ndinapita kudengu, n'kutulutsa kachigamba kaja, n'kukaika patebulo. Ndinagwada. Ndinkayembekezera pama kapena kukuwa, ndipo bwenzi zili bwino zikanatero. ARoza anangotenga kachigambako n'kukatambasula pachikhatho.

"Timasula mkomberowu pompano," anatero Mayi Nachisale. "Ulusi wanu ubwerera wonse, mayi. Lole idikira."

"Ulusi ndi womwewo," aRoza anayankha motsitsa, "koma manja a amayi anga achokamo. Lisiyeni lipite."

Anatembenuka kwa ine. "Ukanandipempha, mng'ono wanga, ndikanakupatsa wa juzi yanga ndavalayi."

Bulangete linakwera lole. Mayi Nachisale anavula juzi yawo n'kumufunditsa Lusiya. Anthu onse atapita anandiuza kuti nditsale. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, ndipo mumtima ndinkafuna ithe kuti ndisadzaonanenso ndi aRoza.

"Sindikuchotsa," anatero. "Kukuchotsa n'kukupeputsira. Lolemba ukhala pambali pa aRoza, ndipo uzikhala pomwepo tsiku lililonse."

Lusiya anachira. Ine ndinakhala pambali pa aRoza miyezi yonse yotsatira, tikugawana sizasi imodzi. Sanandinenepo mawu oipa. Ankandipatsa moni, nthawi zina n'kundikonzera ngodya ya chigamba. Ndinawapempha kuti andibwereke kachigamba kotsala kaja kuti ndiyese kutsanzira malukidwe ake, n'kuwalukira shawelo ina. Anavomera kuti ndizikaona masana pa nthawi yopuma, kosachoka m'manja mwawo. Malukidwe a pakati pake ndinawatha. Koma timafani tija tinali kunja, m'mizere imene ndinamasula, ndipo aRoza anali asanaphunzire kuluka timeneto. Ankati amayi awo ankanena kuti adzawaphunzitsa akadzakolola. Munthu womaliza kuona mmene ulusi unkayendera m'timafanimo ndinali ine, ndipo ndinkauona ukuthawa, maso anga ali pakhomo kuopa kugwidwa. Ndinayesa njira zonse zimene ndinkadziwa, Mayi Nachisale nawonso anayesa. Chilichonse chimene tinkawaonetsa, aRoza ankachiyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu.

Shawelo imene ndinamaliza inali yofiira, yofunda, yopanda cholakwa. Anailandira ndi manja awiri n'kuthokoza, ndipo Lusiya anaifunda. Kachigamba kaja ankakasunga pamfundo ya chitenje chawo. Nkhondo itatha anabwerera kwawo. Ndinawaperekeza kukakwera basi ku Salima, ndipo sindinamvenso za iwo.

Ndaluka zaka zonsezi, ndaphunzitsa atsikana ambiri, ndipo majuzi akale timamasulabe chifukwa ulusi watsopano si onse angaufikire. Anthu amabwera ndi zovala zakutha n'kunena kuti, "Masulani, mundilukire china." Ndisanagwire lezala ndimafunsa kuti analuka ndani, ndipo ali moyo kapena ayi. Ena amadabwa, ena amaseka. Koma alipo amene amapinda chovala chawo bwinobwino, n'kubwerera nacho kunyumba. Amenewo ndimawaperekeza mpaka pamsewu.