Phewa la Mutsa Linalibe Chipsera

Owerenga anzanga, tayesani kuyankha funso ili. Mwana amene amayi ake akulumbira kuti anamubayitsa katemera wa chikuku angafe bwanji ndi chikuku chomwecho?

Funsoli linagwera Esnath ali mtsikana wa kusekondale, pa maliro a mng'ono wake Mutsa ku Sakubva, mu mzinda wa Mutare.

Makolo awo ankagwira ntchito pa famu ya nthochi ku Burma Valley. Minda itagawidwa, ntchito inatha, nyumba inapitanso. Mutsa anabadwira m'chisakasa cha mapepala apulasitiki, kutali ndi chipatala, ndipo katemera wa pobadwa anamuphonya. Anakula wodwaladwala, zilonda m'kamwa zosatha. Atasamukira m'tauni, amayi ake anamubereka kumsana kukamubayitsa wa chikuku. Komabe chikuku chitabuka, chinamutenga.

Amene anasambitsa thupi anali Tete Abigail, mlongo wa bambo ake. Anatembenuza mapewa onse awiri, kenaka anatuluka ndi kulankhula pamaso pa anthu.

"Achimwene, mwanayu alibe chipsera. Tonsefe katemera anatisiyira chipsera. Mlamu wangayu anatinamiza."

"Ndinapita naye, Tete," anatero amayi a Esnath. "Analira njira yonse."

"Nanga jakisoniyo munamubaya pamthunzi pake?"

Bambo ake, a Kaitano, sanakalipe. Anangosiya kudya chakudya chophika mkazi wawo. Anamwalira patapita zaka zochepa asanasinthe maganizo, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene amayi anayezetsa magazi ndi kupezeka ndi HIV. Mankhwala anawadzutsa, koma dzina lawo linakhalabe pansi. Kumaliro a abale sankawalola kugwira mphika.

Esnath analemba mayeso chaka cha maliro chomwecho, nalephera sayansi. Anayamba kugulitsa nthochi pamsika wa Sakubva. Analembanso, nalepheranso.

"Iwe dokotala wa nthochi, tipime izi ngati zapsa," ankamuseka anzake.

Iye ankaseka nawo, buku lili pamiyendo. Ulendo wachitatu anakhoza. Anaphunzira ntchito yoyeza magazi, kenaka anapitiriza ndi maphunziro a chitetezo cha m'thupi.

Kumeneko ndi kumene anamva za magulu awiri a maselo a T, asilikali a m'magazi oteteza thupi. Ena ndi akupha: amasaka maselo amene agwidwa ndi kachilombo ndi kuwawononga. Ena ndi othandiza: sapha okha, koma amadzutsa akuphawo, kuwachulukitsa ndi kuwathandiza kukumbukira mdani amene katemera wawaonetsa. Othandizawa akachepa, katemera amalowa m'thupi koma phunziro lake silikhalitsa. Ndipo maselo amene HIV imayamba kudya ndi othandiza omwewo.

Esnath anakumbukira zilonda za m'kamwa mwa Mutsa. Anatuluka m'kalasi kukalira kuseri.

Atabwerera ku Mutare anapita ndi amayi ake ku Florida, dera lina la mumzindawo, kwa Tete Abigail, amene anali atakalamba.

"Tete, chipsera chanucho ndi cha katemera wa chifuwa chachikulu, wa pobadwa. Wa chikuku sasiya chipsera."

"Ndiye anaferanji, poti wayamba kudziwa zonse?"

"Mukukumbukira alonda a pafamu paja? Ngakhale muwaonetse nkhope ya wakuba, popanda kapitawo wowadzutsa ndi kuwakumbutsa, wakubayo amadutsa. M'magazi a Mutsa kapitawo munalibe."

Tete anapinda dzanja la bulauzi, nayang'ana phewa lawo.

"Mlamu," anatero, "mchimwene wanga anapita akukhulupirira mawu anga."

Amayi a Esnath anangofunsa mwana wawo motsitsa mawu: "Ndiye kuti sindinachedwe naye?"

"Simunachedwe, Amayi."

Lero Esnath amayeza magazi a ana obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV, kuti ayambe mankhwala msanga, katemera akapeze thupi lokonzeka. Mutsa sadzabwerera, ndipo a Kaitano sanamve.

Inu amene mwalephera kawiri, inu amene mwasenza mlandu wosakhala wanu, musataye mtima, ngakhale choonadi chichedwe.

Yankho la funso lija ndi ili: Mutsa anabayidwadi katemera. Anabadwa ndi HIV, palibe amene anamuyeza, ndipo kachilomboko kanali katatha maselo ake othandiza.