Kabudula wa Timu ndi Mimba Yopanda Khadi

Ndinanyamuka pa boma la Mangochi m'mawa, dzuwa lisanayambe ukali, pa njinga yobwereka kwa mnzanga wa kuofesi. M'kachikwama ka pakaliyala munali malaya awiri, khadi la chipani, ndi kabudula wobiriwira wa timu ya boma lathu, yemwe anali atasiya kundikwana.

Zaka zimenezo ndinali kalaliki pabomapo, kwathu ndi ku Ntcheu. Kuofesi ndinali munthu wamba wodinda zikalata, koma likafika tsiku la mpikisano wothamanga mtunda wautali, ngakhale abwana ankaimirira n'kumakuwa dzina langa. Ndiye tsiku lina ndikuyeserera, phazi linalowa m'dzenje, kakolo n'kuthetheka, kuchipatala n'kundiveka chikhakha.

Chimene chinandiwononga si dzenjelo ayi, ndi chikondi cha anthu. Amayi a kutchalitchi kwathu anagawana masiku odzandizonda. Lero mpunga wa nyama ya mbuzi, mawa zitumbuwa, mkucha thobwa la m'chigubu. Munthu wodzakuzonda sumubwezera mbale ili yodzaza, ndiye ine, pofuna kusunga ulemu, ndinkapukuta. Pamene ankadzachotsa chikhakha, mimba inali itayamba kulowa m'nyumba ine ndikadali pakhonde.

A Phiri, otiphunzitsa masewera, atandiona anangogwira pakamwa. Kenako anandiponyera kabudula uja.

"Pa chikondwerero cha ufulu tikukathamanga ku Blantyre," anatero. "Boma silisoketsa kabudula wina chifukwa cha iwe. Akakukwana, ukwera nafe. Akapanda kukukwana, alipo mnyamata wa ku Katuli, chiuno ngati cha mavu."

Mawu amenewa anandipweteka kuposa mwendo. Adokotala anali atandiletsa kuthamanga, anati ndizipalasa njinga, ndizisambira, ndipo pakamwa ndizipatseka. Apa ndiye inandibwerera nzeru imene ndinkaiona ngati ya munthu wophunzira. Unali mwezi wa Ramazani. Kunyanja konse anthu akufunga, ndiye kuti kusala kudya, masana moto sukuyaka. Ndikangopita ku Monkey Bay kwa Che Saidi, msodzi amene tinkathamanga naye kale, ndani angandipatse chakudya m'njira? Ndinapempha tchuthi kuofesi, n'kuthawa amayi a kutchalitchi ndikudziyamikira mumtima.

Cha m'ma 9 koloko ndinafika pa Namiasi, thukuta lili kamukamu. Pafupi ndi msika anyamata a chipani a malaya ofiira anali atamanga chingwe. Ndinatulutsa khadi langa mosachedwa. Wamkulu wawo, wa mpata m'mano, analiyang'ana, n'kuyang'ana ine, maso n'kutsikira pamimba.

"Ili ndi lanu, akulu. Nanga la ali m'katimowa?"

Masiku amenewo zinkachitika ndithu kuti mayi woyembekezera ankamugulitsa makhadi awiri, ndiye sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndipise m'thumba. Anzakewo ataphulika nacho chiseko m'pamene nanenso ndinatulutsa mano.

"Pitani," anatero akutsitsa chingwe, "koma musachedwe kusikelo."

Nditadutsa pamenepo mwendo unayamba kudandaula. Ndinaima pa nyumba ina ya mtengo wa mango, pomwe bambo wina wachikulire wa kachipewa koyera ankasoka ukonde. Anati dzina lawo ndi Che Bwanali. Ndinapempha mthunzi wokha, koma ataona mmene ndinkatsimphinira anaitana akunyumba kwawo m'Chiyao, ndipo posakhalitsa ndinamva nkhuni zikuthyoledwa kuseri.

"Musavutike, bambo," ndinatero modzitama. "Inenso lero ndikufunga nanu limodzi."

"Ndinu Msilamu?"

"Ayi."

"Muli pa ulendo?"

"Eya."

"Mwendowo uli bwino?"

"Ukupweteka pang'ono."

"Ndiye ngakhale mukanakhala Shehe, lero simukanafunga. Wapaulendo safunga, wodwala safunga. Inu mwatenga zonse ziwiri, kuwonjezera apo ndinu mlendo. Mukufuna kutimana sawabu?"

Sawabu ndi mphoto imene munthu amalandira kwa Mulungu akachita chabwino, ndipo anandifotokozera kuti m'mwezi umenewu imachuluka. Nzeru yanga ija inagwa pomwepo. Kunabwera chambo chowamba, chachikulu ngati chikhatho cha mlimi, ndi mpunga mbale yosefukira. Eni nyumba, milomo ili gwa ndi ludzu, anakhala poteropo kundiyang'anira kuti ndisasiye kanthu. Sindinadyepo chakudya chokoma chotero ndi mtima wowawa chotero. Mutu wa chambowo ndinauyamwanso, kuti ndisawakhumudwitse.

Ndinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Msewu unali wa tala, koma wodyeka m'mbali, ndipo lole ikamabwera unkayenera kusankha wekha pakati pa mchenga ndi manda. Milambe inkangondidutsa pang'onopang'ono. Ndikuyandikira pa Makawa, tayala lakumbuyo, lomwe linali litapirira zambiri kuchokera m'mawa, linangoti phuu!

Wokonza njinga pamenepo anali pansi pa kashedi ka udzu. Anasuzumira chubu, n'kupukusa mutu.

"Ichi chafa, achimwene. Munanyamula matumba angati a chimanga?"

"Ndinali ndekha."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuyamba kufunafuna zigamba.

Ali mkati moyesa kumata, mayi ake anatulukira ndi mbale yovundikira. Anali ataona kutsimphina kwanga ali pakhomo pawo. Chinangwa chophika, usipa wa tomato, ndi tiyi wa shuga wokwanira banja lonse.

"Zikomo, mayi, koma ndadya kale."

"Mwadya kwa ndani?"

"Kwa Che Bwanali, ku Namiasi."

Mayiwo anagwira m'chiuno. "Ndiye sawabu zonse atenge Bwanali yekha? Ife a pa Makawa tilibe Mulungu?"

Ndinasamba m'manja.

Chubu chinakana zigamba, ndiye ndinakwera matola, lole yonyamula madengu opanda kanthu yopita kukatenga nsomba zouma. Munthu inali kwacha imodzi, njinga theka lake. Ndinakhala pa dengu lozondoka, fungo la utaka likundizinga, chinangwa ndi chambo zikukambirana m'mimba pa bampu iliyonse. Msilikali wina wobwerera kutchuthi ananditambasulira chimanga chootcha, ine n'kuyang'ana kumbali ngati wandionetsa njoka.

Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinatulutsa kabudula uja, ndinamutambasula m'chiuno mwake ndi manja awiri, n'kuona kuchepa kwake. Ulendo wothawa chakudya unali utandidyetsa kuposa tsiku lililonse la kunyumba. Ndinaona mnyamata wa ku Katuli atakhala pa mpando wanga m'basi ya ku Blantyre, ine ndili kuofesi ndikunyowetsa chidindo. Ndinachita mantha enieni, chifukwa popanda kuthamanga sindinkadziwa kuti ndine ndani pa boma lija.

Ku Monkey Bay tinalowa cha m'ma 3 koloko, mapiri a miyala atatizungulira. Che Saidi ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akumata bwato ndi phula. Munthu uja anali adakali wowuma ngati nsungwi. Atandiona anakhala pansi ndi kuseka.

"Achimwene, mwadya mnzanu ndani?"

Ndinawafotokozera zonse, za kabudula, za A Phiri, za Namiasi ndi Makawa. Ndisanamalize, akazi awo anali atanyamula kale poto. "Mlendo wayenda mtunda, komanso akudwala," anatero.

"Bweza potoyo," anatero Che Saidi. Anatembenukira kwa ine, n'kuyamba kupinda zala. "Wapaulendo? Mwafika, ulendo watha. Wodwala? Wodwala sapalasa njinga mpaka pa Makawa. Mlendo? Munthu amene ndinkapaka naye mafuta amodzi m'miyendo si mlendo m'nyumba muno." Anatola nkhafi n'kundiika m'manja. "Tiyeni."

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala injini ya bwato la Che Saidi. M'mawa ndinkapalasa iwo atakhala kutsogolo akuloza njira ngati bwana wa sitima. Masana ankandilowetsa m'madzi ofika pachifuwa kuti ndizithamanga momwemo, mwendo osamva kulemera. Amayi otsuka mbale m'mphepete ankasiya ntchito kuti aonere munthu wamkulu akuthamanga osapita kulikonse. Madzi akumwa ankandilola, poti anati Mulungu sanandilembe pa gulu la ofunga, koma china chilichonse ayi.

Chimene sindinkadziwanso n'chakuti mwezi wofunga ndiwo mwezi wa maphwando. Dzuwa likangolowa, pamphasa pankadzaza futali, mbatata yophika ndi nsinjiro yomwe fungo lake lokha likhoza kunenepetsa munthu. Koma Che Saidi anapachika kabudula wanga pa msomali moyang'anana ndi pamene ndinkakhala, ndipo chipande ankagwira okha. Dzanja langa likangosochera kupita ku mbale yaikulu, iwo ankangoloza kumsomali.

Mwezi watsopano utaoneka, kufunga kutatha, anthu atapemphera ndi kuvala zatsopano, ndinalowa kuchipinda ndi kabudula uja. Analowa. Anandigwira ndithu ngati tili ndi mlandu, koma analowa, ndipo ndinatha kuwerama osamva kung'ambika. Ndinakhala pa bedi kanthawi, maso atadzaza misozi, munthu wamkulu kulirira kansalu kobiriwira.

Ndinabwerera pa njinga yomwe ija ndi chubu chatsopano, kabudula ndamuvala m'kati mwa buluku kuti asasinthe maganizo. Pa Makawa ndinadutsa ndaweramitsa mutu, ndikupalasa ngati wakuba. Ndinali nditaphunzira kuti m'dziko lathu lino chakudya suchithawa ndi ulendo, chifukwa anthu ake amatha kukhala ndi njala iwowo n'kumakukakamiza iwe kuti ukhute. Chimene chimafunika ndi mnzako mmodzi wokukonda mokwanira kuti akumane.

Pa Namiasi chingwe chinali pomwe chija, ndi mnyamata wa mpata m'mano yemwe uja. Anayang'ana khadi, anayang'ana nkhope, kenako maso anatsikira pamimba. Anazungulira njinga yonse ngati wataya kanthu.

"Aa, akulu aja! Ndiye mwabereka mwana wanji?"

"Wamwamuna," ndinatero ndikuponda pedulo. "Akukathamanga ku Blantyre."