Tsiku limene ndinavula Mayi Nalungwe mahedifoni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa Chilambya. Ndinkagulitsa mayunitsi pamsika wa pa boma ku Chitipa pamene a Mbewe, bambo wa ku Zomba, anabwera kufunafuna womasulira. Gulu lawo linkayesa gemu ya pafoni yotsatira mtima wa wosewera. Mtima ukathamanga, gemuyo inkachepetsa liwiro n'kuika nyimbo yodekha. Ukakhala phee, ng'oma zinkakula.

Ntchito yanga inali kupukuta chala cha munthu ndi sipiriti, kumupana kachipangizo kowerenga kugunda kwa mtima, kumuveka mahedifoni, kenaka kuyang'ana mzere wovinavina pa laputopu. Obwera pa njinga ndinkayamba ndawakhazika pansi kuti apume. Lamulo la a Mbewe linali limodzi: "Gemu ikayamba, osaikhudza. Ukaidula, tagwira ntchito yachabe." Ndinalisunga mwamantha, poti kumsika sindinkafuna kubwererako.

Tsiku lina tili ku Misuku pampando wa wosewera panakhala Mayi Nalungwe, mlimi wa khofi. Anayamba akuseka. Atalakwitsa kawiri mtima unakwera, gemu n'kuika nyimbo yake yodekha ija. Koma mzere unakwerabe. Gemu inawonjezera nyimboyo, mzere n'kukweranso. Ine maso ali pa laputopu, kudabwa ngati chitsiru. Nditadzutsa mutu ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwawo. A Mbewe anali panja. Ndinawavula mahedifoni, ndikudziwa kuti mwina ntchito yathera pomwepo.

"Mwana wane, iyi ni nyimbo ya pa maliro," anatero.

Ndinavala mahedifoniwo n'kumvetsera ndekha. Inali kwaya yong'ung'udza popanda mawu, ndendende mmene amayi kwathu amaimbira poperekeza bokosi. Amuna awo anali atangoikidwa kumene.

A Mbewe atalowa ndinaulula zonse. Anagwada pamaso pa mayiwo n'kupepesa m'Chitumbuka chawo chothyokathyoka. Kwa ine anangoti, "Nyimboyi tinaisankha tili mu ofesi. Mawa utenge chojambulira mawu, ukatipezere zimene zimakhazika mtima pansi kunoko."

Ndinajambula mvula padenga la malata ndi madzi a mumfuleni wa m'khofi. A Mbewe ndimawathokoza mpaka lero, ndi mayi aja amene anandikhululukira. Kachipangizo kamangodziwa kuti mtima wathamanga, sikadziwa chimene chauthamangitsa. Kuyambira tsiku limenelo mpando wanga ndimauika moyang'anana ndi wosewera, laputopu ili pambali.