Tsiku Limene Ndinasungunula Chulu cha Fanuwelo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, tikukhala ku Bowe, moyandikana ndi esiteti ina ya fodya. Bambo anga anali kalipentala. Ankakhoma zitseko ndi ngolo, n'kumazipenta okha m'kashedi kuseri kwa nyumba. Mnzanga wapamtima anali Fanuwelo, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe. Amayi ena ankandinena kuti mtsikana wanji wosewera ndi anyamata, koma ine sizinkandikhudza.

Loweruka lina tinakaonera filimu m'kanyumba ka vidiyo pamsika. Inali ya asilikali omenyana ndi zilombo za kudziko lina, zonga chiswe koma zazikulu kuposa ng'ombe, zotuluka m'chulu chotalika ngati phiri. Chizungu chake sitinamvepo kanthu, koma pobwerera tinali titagwirizana kale kuti nkhondo imeneyo tiichita tokha. Tinaumba asilikali a dothi ndi zilombo za miyendo ya waya, mano ake minga. Malamulo tinapanganso tokha. Tinkaponya chitsekerero cha botolo: chikagwa chagada, msilikali wawombera, chikagwa chafufumimba, wadyedwa.

Chimene chinkasowa ndi chulu. Tikaumba chadothi chinkang'aluka chisanaume. Mwayi unabwera mwini esiteti atagula firiji. Zoyera zopepuka zija zimene amatchingira katundu m'katoni, ife tinkangoti fomu, anazitaya kudzala, Fanuwelo n'kukazitola zonse.

Anasema masabata awiri. Ankabwera madzulo akaweruka kuthandiza makolo ake kusankha fodya m'chigafa, zala zili bii, n'kukhala pansi m'kashedi mwathu ndi lezala ndiponso msomali wotenthetsa pamakala. Zidutswa ankazilumikiza ndi timitengo tansungwi. Anaboola makomo, anakumba tinjira, ndipo pamwamba anamanga nsanja yokhala ndi kanjira kozungulira kokafika kuchipinda cha mfumukazi ya zilombozo. Nsanja imeneyo yokha inamudyera masiku asanu. Kupenta kunali kwanga, poti kusukulu ndinkadziwika ndi zojambula, koma iye anandiuza mawu amodzi: "Usayambe ndisanabwere."

Kenako tinamva kuti fodya watha, banja lawo libwerera kwawo pakatha sabata imodzi. Ndinkafuna tisewere masiku onse otsalawo, komanso, ndisaname, ndinkafuna adzapeze ntchito yatha, adzanditame.

Tsiku lotsatira bambo anapita ku Chisepo kukapereka chitseko. Ndinatsegula chitini cha penti yofiirira yopentera ngolo. Inali yolimba, ndiye ndinathiramo petulo monga ndinkawaonera akuchitira. Ndinaviika burashi n'kuyambira pansanja penipenipo.

Poyamba panamveka kaphokoso ngati madzi odonthera pamoto. Kenako ndinaona fomu ikuchita thovu, ikulowa m'kati ngati shuga mu tiyi. Chifukwa cha mantha ndinapakanso penti yambiri kuti ndibise. Nsanja inapendekeka pang'onopang'ono ine ndikuyang'ana, n'kugwera m'mbali, ndipo penti yotsetserekayo inaboola maenje mpaka pansi. Ndinafunditsa chulucho thumba, n'kukasamba m'manja katatu.

Bambo atafika sanafunse zambiri, fungo la petulo linali litawauza kale. Anavundukula thumba lija, nayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkangodikira mkwapulo.

"Za penti yangayi tikambirana bwino, Tadala," anatero. "Koma chinthuchi anasema ndani?"

"Fanuwelo."

"Anakuloleza?"

"Ayi."

"Ndiye pita ukamuuze wekha. Usadikire kuti adzaone."

Kuchokera kwathu kukafika kunyumba za matenanti sikunali kutali. Ndinapeza banja la Fanuwelo likumanga katundu m'matumba. Amayi ake anandilandira ndi nsangala, nandipatsa mbatata yootcha, ndipo ndinanena mlandu wangawo mbatatayo ili m'manja. Fanuwelo ananditsatira mpaka kukashedi, nagwada, nakhudza pamene panali nsanja.

"Chipinda cha mfumukazi chinali apa," anatero motsitsa mawu. Anadzuka n'kumapita. Bwenzi zili bwino akanandimenya.

M'mawa mwake bambo anakamutenga okha. Anamukhazika pabenchi ngati munthu wamkulu, namufunsa kuti, "Inu eni ntchito, tichite bwanji? Titaye kapena tikonze?" Fanuwelo anaganiza kaye, ndiye anati tikonze, koma nsanja isamangidwenso poti fomu yatha.

Bambo anatenga kachidutswa kotsala, nadonthezapo penti ija, kadutswako n'kufota tikuona. "Chinthu chosachidziwa umayesera pakachidutswa," anatero. Anasungunula guluu woyera wa matabwa m'madzi, ife n'kupaka chulu chonse, mpaka m'maenje amene ndinaboolawo, kenako tinawaza mchenga wosefa. Ankati fomuyo iyambe yavala chikopa. Tinapaka katatu, ndipo ulendo uliwonse tinkayenera kudikira kuti ziume. Unali mwezi wa Juni, mitambo ikutsika kuchokera kumapiri a Ntchisi, dzuwa losaoneka bwino. Ndinkapita kukagwira ndi chala, bambo n'kundibweza ndi diso lokha. Masiku anayi anathera pamenepo.

Penti ya m'chitini sitinaigwirenso. Tinasinja makala n'kusakaniza ndi guluu, tinadetsa chulu chonse. Chitauma tinapaka katondo, kusiya m'maenje muli bii. Pomaliza bambo anandionetsa kuviika burashi m'phulusa lonyowa, kuipukuta pansanza mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kumangoipititsa mopepuka pamwamba. Mizere yonse imene Fanuwelo anasema inatulukira, ngakhale timabala ta lezala timene sindinationepo kale. Pamakomo tinadonthezapo vanishi kuti pazioneka ponyowa ngati zilombo zangodutsapo. Burashi iliyonse ndisanaiike ndinkamuyang'ana kaye, iye n'kugwedeza mutu kapena kukana.

Tinasewera tsiku limodzi lokha, kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Iye anatenga zilombo, ine asilikali. Maenje anga aja anawasandutsa mapanga obisalamo, ndipo asilikali anga anadyedwa onse. Anaseka mpaka kugona chagada pafumbi. Nditaona kuti wakondwa, ndinamufunsa ngati wandikhululukira.

"Mapanga akowa ndi abwino ndithu," anatero, "koma nsanja yanga inali yabwino kuposa."

Lole inabwera m'mawa mwake. Amayi ake anati chulu sichingakwane pakati pa katundu, ndiye chinatsala kwathu. Chaka chotsatira kunabwera matenanti ena, ndipo Fanuwelo sindinamuonenso.

Lero ndine telala. Anthu amandibweretsera nsalu zimene anasunga miyezi yambiri, zina za ukwati, zina zosiyidwa ndi malemu amayi awo. Ndisanaike sizasi ndimafunsa mwiniwake kawiri, ndipo ena amatopa nane. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinalakwa chifukwa chosadziwa za petulo. Tsopano ndikuona kuti cholakwa changa chinali kugwira ntchito ya mnzanga ngati yanga ndekha, pofuna kutamidwa. Chulu chinakonzedwa, mwina chinakongola kuposa mmene ndikanachipentera ndekha. Koma pa sabata imene tinali nayo, ine ndi mnzanga tinasewera tsiku limodzi, ndipo masiku enawo palibe guluu amene akanawabweza.