Lachisanu Lomaliza la Amayi Aakulu

Tinanyamuka kwathu kuseri kwa Nathenje kum'mawa kutangoyamba kufiira, ine ndi amayi anga aakulu aNaphiri, m'mimba muli pululu. Munali mu Juni, zaka zija za Chitaganya, ndipo chisanu chake chinali chong'amba zidendene. Ine ndinali kale mayi wa ana awiri, koma pamaso pa aNaphiri ndinali kamwana kotuma basi.

Inu amene simuli Akatolika imvani kaye chimene chinatidzutsa. Pali pemphero la Mtima Woyera wa Yesu: munthu akalandira Ukaristiya Lachisanu loyamba la mwezi, miyezi isanu ndi inayi yondondozana, sadzafa wopanda masakramenti. Ukangodumphitsa mwezi umodzi, basi, kayambirenso. Amuna awo a aNaphiri anafera pa famu ya fodya ku Halale, anawakwirira popanda wansembe, popanda ngakhale madzi odalitsa. Nkhani imeneyi inkawadya mtima usana ndi usiku, ndipo analumbira kuti iwo sadzafa choncho.

Ulendo woyamba wa pempherolo anadukizidwa ndi maliro. Wachiwiri anafika mwezi wachisanu ndi chiwiri, koma posukusula m'mawa dontho la madzi linawapulumukira kukhosi. Lamulo monga tinkalidziwira ife linali lakuti kuyambira pakati pa usiku usadye kanthu, usamwe ngakhale madzi. Tsiku limenelo sanalandire. Analira mpaka maso kutupa, kenaka n'kuyambiranso. Tsono lero linali Lachisanu lomaliza la ulendo wachitatu, chifuwa chawavuta chaka chonse, ndipo abambo mfumu a ku mishoni kwathu anali gone ndi malungo. Aphunzitsi a ku tchalitchi anangoti, "Thamangirani ku boma ku Lilongwe, kumeneko Misa siphonya."

Ndinali nditamanga mbatata yootcha pa nsalu. Amayi aakulu atangoiona anandiyang'ana ndi diso lofiira.

"Iwe Felesita, ukamatafuna pafupi ndi ine, mate adzaza m'kamwa mwanga, ndimeze ndi chilakolako. Ufuna undiphere Lachisanu langa?"

"Nanga amayi, wosala ndi ine kapena inu?"

"Lero tonse."

Ndinapsa mtima, koma ndinameza mawu. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinaloledwa kumeza m'mawa umenewo.

Pa msewu wa ku Dedza basi inatidutsa osaima. Kumbuyo anthu anali atapanikizana mpaka nkhuku kutulutsa mitu pa mawindo, koma kutsogolo, ku mipando ya makhushoni, kunali kalaliki mmodzi wa tayi, akuwerenga nyuzi miyendo atatambasula. Kenaka inabwera lole ya Mmwenye wina wa m'tauni. Dalaivala anati sheleni imodzi aliyense, tikwere pamwamba. Titakwera ndiye ndinaona kuti Satana sagona: loleyo inali itadzaza matumba a mtedza, ndipo thumba limene tinakhalira linali lobooka.

Pamwambapo panali anthu awiri. Wina anali telala wa Chisilamu, wa kofiya yoyera, atakumbatira makina ake osokera. Winayo anali mkulu wa mpingo wina, wa jekete lothina, Baibulo m'khwapa, dzanja lili m'thumba la mtedza wa eni ake. Lole itangoyamba kuthamanga, fumbi lofiira linatikuta, ndipo amayi aakulu anamasula duku n'kudzimanga kukamwa ndi mphuno.

"Mayi akudwala dzino?" anafunsa telala.

Ndinafotokoza. Ha, ndinaputa mavu! Lole ya mtedza inasanduka seminale.

"Fumbi si chakudya," anatero mkulu wa jekete uja, akutafuna. "Komanso Mulungu amaona mtima, saona m'mimba. Inu a Roma mumadzizunza chabe."

"Mtima amauona, inde," anayankha telala, "ndipo dzanja lanu lomwe akuliona."

Mkuluyo anatulutsa dzanja msanga. Telala anatembenukira kwa amayi mwaulemu. "Ife pa mwezi wosala fumbi la mumsewu sitiliwerengera, mayi. Koma mukalifuna dala, mukalitsegulira pakamwa, pamenepo ndi mlandu."

Amayi aakulu anagwedeza mutu, maso okha akuoneka. Pa mlatho wina lole inadumpha, kantchentche kanalowa pansi pa duku, ndipo panali chipwirikiti. Analavula, analavulanso, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pa chikhatho ngati katuluka konse. Ndinawerenga miyendo yake ndili pamwamba pa lole, ine mayi wa ana awiri. Ndinati yakwana, ngakhale sindinkadziwa kuti ntchentche imakhala ndi miyendo ingati.

Tinatsika pa masitolo a Amwenye dzuwa litakwera ndithu. Amene simunafikeko nthawi imeneyo musaganize za Lilongwe wa lero. Kumene kuli nyumba zosanjikizana kuja kunali tchire la afisi. Tauni yonse inali makonde a masitolo, matelala pakhonde lililonse, ngolo za ng'ombe, njinga, ndi msika. Koma fungo la pa msikapo, mayo ine! Zitumbuwa zili pa moto, nthochi zakupsa, chimanga chootcha, tiyi wa mkaka akuphikira m'chitini. Mayi wina anandiitana, "Zitumbuwa ziwiri kobiri, achemwali!" Amayi aakulu anandikoka mkono, akuyenda maso ali kumwamba, kolona ikulira m'dzanja.

Pa tchalitchi tinapeza bambo wina akusesa pakhomo, makandulo atazima kale.

"Misa yatha, mayi. Mwachedwa."

ANaphiri anangokhala pansi pa masitepe. Sanalire. Anangoti, "Felesita, ine chaka china sindichiona." Mkwiyo wanga wonse wa mbatata unathera pomwepo. Ndinachita mantha, chifukwa chifuwa chija ndinkachimva usiku uliwonse kudzera pa chipupa.

"Abambo mfumu ali kuti?" ndinafunsa.

"Awoloka mlatho, apita ku mayadi kukapereka Ukaristiya kwa dona wina wodwala. Mukaona mthuthuthu wawo pa mpanda. Koma kumeneko agalu ake si amasewera."

Tinawoloka mtsinje wa Lilongwe, amayi akuyang'ana kumbali kuti madzi asawakope. Tinadutsa pa boma, mbendera ili petupetu, amesenjala atakhala pa benchi kudikira kutumidwa. Kukwera mtunda, phokoso lonse linatha. Misewu yosesedwa, mitengo yobzala m'mizere, ndi dambo lalikulu lometedwa bwino, lokwana minda ya mudzi wathu wonse, kumene azungu awiri ankalondola kampira koyera. M'mwezi wopanda mvula umenewo kapinga anali wobiriwira, ndipo paipi inkamwaza madzi pa maluwa. Amayi anaima kuyang'ana madziwo, milomo itauma, kenaka anapitirira.

Mthuthuthu tinaupeza utatsamira mpanda wa maluwa. Wa m'dimba anatiyang'ana kuyambira ku zidendene.

"Ntchito kulibe."

"Sitifuna ntchito, tifuna abambo mfumu."

"Ndiye zungulirani kuseri. Khomo la kutsogolo si lanu."

Kuseri tinapeza akhukhi, bambo wonenepa wa yunifomu yoyera, akukonza thireyi: kapu ya maluwamaluwa, tiyi, mkaka, shuga. Ndinawafunsa kuti adona akudwala chiyani. Anati anabinya mwendo dzana posewera thenesi.

"Tiyiyo ndi wa abambo mfumu?" anafunsa amayi aakulu.

"Wa adona. Ati anyowetse kukhosi asanalandire."

"Asanalandire?"

Sindinawaonepo aNaphiri akudumpha chotero. Munthu amene amalephera kukwera masitepe a tchalitchi anaulukira thireyi ija n'kuigwira ndi manja awiri.

"Mufuna kumuponya ku moto mwana wa eni ake? Bwezani tiyiyu!"

"Mayi, siyani! Mundichotsetsa ntchito!"

Anakokerana. Kapu inagwa pa simenti, phwaa! Galu anayamba kuuwa, wa m'dimba anabwera ndi khasu, ine ndinaima pakati ndikukalipira onse. Pamenepo chitseko chinatseguka, n'kutuluka abambo mfumu, mzungu wamtali wa ndevu, nsalu ya unsembe ili m'khosi, kachikwama ka Ukaristiya kali pa chifuwa. Amayi anagwada pa zigamphu za kapu zomwezo n'kufotokoza zonse: za amuna awo, za miyezi isanu ndi inayi, za ntchentche, ndi za mzimu wa adona umene angoupulumutsa kumene.

Wansembeyo anakanda ndevu. Chichewa chake chinali chodzera m'mphuno koma chomveka.

"Amayi, lamulo limenelo Apapa analifewetsa. Chakudya musiye maola atatu okha. Odwala akhoza kumwa kanthu. Ndipo madzi saononga kusala, ngakhale mutamwa mtsuko wonse."

Galu yemwe anasiya kuuwa.

"Madzi?" anatero amayi. "Kuyambira liti?"

"Papita zaka ndithu."

Ndinawaona akuwerenga mumtima, ndipo ndinadziwa pamene afika: pa dontho lija la posukusula. Anali atataya miyezi isanu ndi iwiri chifukwa cha lamulo limene linali litafa kale. Uthenga wa ku Roma unawoloka nyanja, unafika ku mayadi, unamwa tiyi, koma mtunda wa kuchoka pamenepo kukafika kwathu unaulephera. Uthenga wa msonkho sunkasochera choncho. Ndinafuna kunena zimenezi mokweza, koma amayi anandiponda phazi.

"Abambo, zapitazo zapita. Ndipatseni Ambuye wanga."

Wansembe anatsegula kachikwama kaja, nkhope yake n'kugwa. "Ndatenga mmodzi yekha, wa adona."

Ndiye ine mtima unandiphulika. "Adona abinya mwendo, abambo! Awa akulavula magazi!"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso amayi. Anagwada pa khomo la khitchini, pafupi ndi mbale ya galu, n'kunyema Ukaristiya uja pakati. Akhukhi anavula chipewa. Amayi aakulu anakweza dzanja.

"Pepani abambo, theka limawerengedwa?"

"Yesu sagawika, amayi. Ali yense m'chidutswa chilichonse."

Analandira. Anakhala chigwadire, maso ali chitsinzinire, misozi ikutsika kudula fumbi lofiira la m'masaya. Ine, amene ndinadandaula njira yonse, ndinalira koposa iwo. Wansembe analowa ndi theka linalo kuchipinda kwa adona.

Akhukhi anabweretsa madzi m'chitini cha jamu, chimene antchito ankamwera, akung'ung'udza za kapu yawo. Amayi anamwa chitini chonse, anapempha china, kenaka anatambasula dzanja kwa ine.

"Iwe, mbatata ija ili kuti?"

Tinaidyera pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, itaphwanyika ndi kuikhalira pa lole. Pobwerera tinapeza malo m'basi ya masana, kumbuyo ndithu, pakati pa mbuzi ndi mtolo wa makasu. Titadutsa masitolo omaliza amayi anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Tsopano imfa ibwere, indipeza nditakonzeka."

Zaka zonse za Chitaganya ankatilalikira kuti mzungu ndi munthu wakuda adzagawana zinthu mofanana. Ine ndi maso angawa ndinaziona kamodzi kokha, tsiku limenelo, ndipo ngakhale pamenepo wina analandirira pa bedi, wina pa khomo la khitchini. Imfa imene amayi anaiitana ija inachedwa. Inayamba yatenga Chitaganya, chimene chinafa popanda wansembe ndiponso popanda wochilira. ANaphiri anatsatira pambuyo pake, m'nyengo ya dzinja, atadzozedwa mafuta, mthuthuthu wa abambo mfumu uli pakhomo, matope mpaka pa chishalo.