Anganga Luwiza ndi kapitawo wa makutu akuthwa

Nsalu yatsopano sindigula ndisanainunkhize ndi kuitikita pakona ndi malovu, ndione ngati yalimba ndi ulusi kapena ndi phala limene amapakamo. Ogulitsa amandida, adzukulu anga amachita nane manyazi. Koma fungo limenelo limandibweretsera anganga Luwiza, atakhala pakhonde pathu kufupi ndi Nkopola, akusankha thonje la ababa, utsi wa chambo chowamba ukuwalowa m'maso iwo osaphethira.

Sanali agogo anga enieni. Anabwera ndi othawa nkhondo a ku Mozambique ine ndili ndi zaka ngati khumi, ababa n'kuwapatsa kanyumba kosungiramo maukonde. Kwawoko ankagwira ntchito pafakitale yoluka nsalu mpaka tsiku limene inatenthedwa. Makina anawagonthetsa makutu, moti ankalankhula mokuwa ngati akuitana bwato, ndipo pomvera munthu ankayang'ana milomo. Anathawa ndi kathabwa kosalala, kosongoka uku ndi uku, kamene kankayendetsa ulusi pamakina. Ndikadwala malungo ankandigwiritsa kameneko kuti ndisalire.

Masiku amenewo wailesi inkangonena za mafakitale. Boma linkafuna tivale nsalu ya thonje lathu lomwe, yolukidwa ku Blantyre, yakunja n'kumaikhomera msonkho. Anganga zimenezi ankazikonda. "Dziko lovala nsalu ya eni lili maliseche," ankatero, mudzi wonse n'kumva.

Ndiye tsiku lina kunafika bambo wa tayi pagalimoto. Anati ndi kapitawo wa kufakitale ya nsalu, wakhala pamakina zaka khumi ndi zisanu, ndipo fakitale ikukula, ikufuna atsikana. Tiyi asanawire n'komwe, achemwali anga Asiyatu anali atamanga kale zovala mumpango. Ababa ankangoti, "Alhamdulillah."

Amayi anandiitanira pakhomo, kumbuyo kwa mlendoyo, n'kundinong'oneza kuti shuga watha, ndikapemphe kwa anzathu.

"Musavutike mayi, ndimwa wopanda shuga," anatero bamboyo osacheuka.

Anganga anasiya thonje. Anali ataona milomo ya amayi, n'kuonanso yankho. Anakaima pamaso pa mlendo, n'kuyendetsa milomo pang'onopang'ono popanda mawu, momwe ankalankhulirana pakati pa phokoso la makina. Iye anangoseka.

"Agogowa ali bwino?"

"Ndakufunsa dzina lako basi," anakuwa anganga. "Zaka khumi ndi zisanu pamakina, ukumva kunong'ona kwa kumbuyo, milomo osaiwerenga? Makina ako ngoluka ndi nthenga?"

"Inu ndinu othawa, za kuno sizikukukhudzani. Ndikakunenezani akakutsekerani kukampu."

"Ndaona zimene wanena. Kanene. Koma mwanayu sakwera."

Anganga anakhala pa mpango wa Asiyatu, phwathalala, ngati pampando wawo. Asiyatu analira, anakoka, anawatchula mfiti yobwera. Iwo anangoyang'ana kumbali kuti asaone mawuwo. Ababa anakanda ndevu nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, ndikwera nawo ndikaone malowo ndi maso anga." Bamboyo anati galimoto yadzaza, adzabwera Lachinayi. Lachinayilo tikulidikirabe.

Atsikana atatu a mudzi woyandikana ndi wathu anakwera galimotoyo. Mmodzi anabwera patapita zaka, ali ndi mwana kumsana, makina oluka asanawaonepo. Enawo sitinamvenso za iwo.

Asiyatu anakhala mwezi wathunthu osawapatsa moni anganga. Iwo m'mawa uliwonse ankamusiyirabe mbatata yowotcha pamwala wapakhomo. Tsiku limene anaitola n'kudya, anganga anaimba nyimbo ya kwawo, mophonya ndiponso mokuwa, mpaka nkhuku zinathawa.

Nkhondo itatha anganga anabwerera kwawo, akuti mwina fakitale yawo idzukanso. Pokwera lole anandifumbatitsa kathabwa kaja. "Iwe Patuma uli ndi maso. Makutu anganame, maso usabwereketse."

Kuyambira pamenepo sindikhulupirira munthu, ngakhale wobwera ndi salamu yaitali. Asiyatu, amene lero ali ndi adzukulu asanu ndi awiri, amati ndinapitirira muyeso. Mwina. Sabata yathayi mdzukulu wanga Mariyamu anandionetsa pafoni uthenga wa munthu wina wolemba atsikana ntchito kufakitale yatsopano. Mafakitale ndimawafuna, ntchito ndimamufunira. Ndamuuza kuti amuitane munthuyo adzamwe tiyi pakhonde pano. Ine ndidzakhala pafupi, kathabwa kali m'manja, ndikumuyang'ana milomo.