Malovu a Anthu Anjala

Tayerekezani m'mawa wamba, pakati pa sabata. Mayi ena a imvi akukwera masitepe a nyumba yophunziriramo zamagetsi pa yunivesite, chikwama kuphewa, dzanja lina litagwira bondo. Akufika pa chitseko chomaliza n'kuchikankha ndi phewa, poti loko wake ndi wamakani. M'katimo muli matebulo awiri, firiji yaing'ono yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi fungo la waya wopserera. Mayi amenewo ndiwo Mayi Waya. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira, ndipo iwo sanalikane.

Ntchito yawo inali pawiri. Ankaphunzitsa achinyamata kulumikiza timawaya ndi kuyeza mphamvu ya magetsi, ndipo apa anali oleza mtima kwabasi. Wophunzira akapsereza kachipangizo, ankangoti, "Chabwino mwanangu, tsopano wadziwa fungo lake. Tenga kena." Ntchito inayo inali kafukufuku. Ankapanga kapepala kolimba kopakidwa mankhwala, koti munthu akakanyowetsa ndi malovu n'kukalowetsa m'kabokosi ka batire, kabokosiko kazionetsa kuchuluka kwa shuga m'thupi popanda kubaya chala.

Chifukwa chake chinali kunyumba. Amuna awo, dalaivala wa basi wopuma ntchito, ankadwala shuga, ndipo nsonga za zala zawo zinali zitauma gwa chifukwa cha singano ya m'mawa ndi madzulo.

"A Pulofesa," ankatero bambowo, ngakhale ankadziwa bwino kuti udindowo sunabwere, "kabokosi kathu kabadwa liti? Mimba imeneyi yatalikatu."

"Imwani mankhwala, bambo a ana, musiye zolongolola."

Zaka zinapita. Anzawo ena anakwezedwa, ena anathawira kumakampani n'kumabwera kudzawaona pa galimoto zonyezimira. Mayi Waya anatsala ndi firiji ija, maso akuchepa mphamvu, msana ukudandaula. Chaka chawo chopuma chitafika, mkulu wa dipatimenti anawauza mosapsatira kuti chipatala chaching'ono cha pafupi chavomera kuyesa kabokosiko, koma ulendo umodzi wokha. Kakalephera, chipinda chawo chisanduka ofesi, ndipo timapepala tonse tilowa m'katoni.

Iwo sanaope kwenikweni, chifukwa m'labu kabokosiko kankachita bwino. M'chipindamo munali mwambo: aliyense wolowa m'mawa, mphunzitsi kaya wophunzira, ankayamba walavulira m'kabotolo, kenaka n'kudzibaya chala kuti ayerekeze za malovu ndi za magazi. Ophunzira ankautcha msonkho. Nawo bambo kunyumba ankaupereka atangodzuka. Manambala ankagwirizana bwino lomwe.

Kuchipatala kunali nkhani ina.

"Madamu," anatero namwino akuwaonetsa kabokosiko, "malinga ndi aka, agogo awa ali ndi shuga wokwana kutsekemeretsa tiyi wa wodi yonse. Koma magazi awo ali bwinobwino."

Anasintha mabatire. Anawotchereranso timawaya tonse. Anaganiza kuti mwina ndi kutentha, nayamba kunyamula timapepala m'kabokosi kozizira. Sizinathandize. Odwala ena kankawayeza molondola, ena kankawanamizira, ndipo panalibe chooneka chowasiyanitsa. Masabata anali kutha. Mayi Waya anayamba kuiwala magalasi ali pamphuno, ndipo tsiku lina anaphunzitsa kalasi phunziro lomwe anali ataphunzitsa kale dzulo lake. Anawo, mwaulemu, anangolembanso.

M'mawa wina mawondo anakaniratu, moti sanalowe kwa namwino. Anakhala pa benchi pamodzi ndi odwala odikira. Mzere unali wautali. Mayi wina anasenda nthochi. Bambo wina anatsegula fulasiki n'kumaviika buledi m'tiyi. Agogo aja anali kumung'unya switi mwakachetechete, kuti mpongozi wawo asaone. Namwino anaitana, agogo anameza switiyo msanga n'kulowa kukalavula.

Pomwepo mimba ya Mayi Waya inalira. Kenaka anaseka kuseka kwa munthu wotopa, kopanda mawu.

Atabwerera ku labu anafunsa, "Ana inu, ndani wadya m'mawa uno?"

Onse anayang'anana.

"Madamu," anayankha mtsikana wina, "kalasi yoyamba imayamba mbandakucha. Tidye nthawi yanji? Inuyo mwadya?"

"Ayi. Zaka zonsezi takhala tikuphunzitsa kabokosi malovu a anthu anjala okhaokha. Kakakumana ndi wokhuta, kamawerenga shuga wa m'kamwa, osati wa m'thupi."

Achinyamatawo magazi anatentha. Ankafuna kuyambiranso, kupanga kapepala katsopano kosiyanitsa ziwirizo. Mayi Waya anawayang'ana mwachikondi n'kupukusa mutu. Ntchito imeneyo inkafuna zaka, ndipo iwo anali ndi masabata.

"Zimenezo ndi zanu, mudzachite. Ine ndipereka chomwe ndili nacho."

Anapempha achipatala kuti aziyeza okhawo obwera asanadye kanthu. Kunena zimenezi kunawawawa, koma kunyumba ndiye kunali kovuta.

"Ndiye kuti singano ya madzulo ija ipitirira?" anafunsa bambo.

"Ipitirira."

Bambowo anatambasula manja awo, nawayang'ana kwa kanthawi.

"Basi, zala zizigwira ntchito ya mashifiti. Ifenso tinkatero pa basi."

Mayi Waya sanaseke. Anangovula nsapato, n'kuika mapazi pa mpando.

Anapuma ntchito kumapeto kwa chaka chomwecho, asanakhale pulofesa. Chipatala chija chinavomera kabokosiko kuti kaziyeza odwala shuga amene sanadye kanthu m'mawa, ndipo chipinda chawo chinakhalabe labu.